Agulugufe Asanu m'Kamiyao ya ku Tete

Mu kaderno yanga yobiriwira, imene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, muli tsamba limodzi limene ndinalimata ndi phala kuti ndisamalionenso. Ndi tsamba la Lachisanu lina pa feriya, tchuthi cha pakati pa chaka. Sindinaling'ambe, chifukwa ine kung'amba kaderno ndimaona ngati ndikulakwira munthu. Komabe mawu ake ndimawakumbukira onse. Ndinalemba kuti: "Lero ndawathandiza kwambiri amayi. Akabwera adzadabwa." Chiganizo chachiwiricho chinachitikadi.

Amayi amalima mbatata (ya kachewere ija, osati ya kholowa), ndipo amagulanso ya anzawo n'kumatumiza ku Tete kwa mayi wina amene amagulitsa pamsika. Galimoto alibe. Amene amawapezera ndi a Jerevaziyo, mkhalapakati wa makamiyao, magalimoto akuluakulu a katundu aja, ku Vila Ulongwe. Kamiyao ikatsitsa katundu kuno n'kumafuna kubwerera kumunsi, iwo amaisonkhanitsira matumba a anthu angapo mpaka idzaze. Zimenezi ndikuzifotokoza bwino lero, koma pa nthawiyo ndinkaganiza kuti makamiyao onse oyenda mu msewu wa ku Tete ndi a bambo amenewa, chifukwa pafoni sankanena china koma "kamiyao yanga". Ndinkawaona m'maganizo ngati munthu wa mimba yaikulu ndi mpanda wautali wa njerwa.

Poti matumba a anthu ambiri amakwera pamodzi, aliyense ali ndi chizindikiro chake. Ena amapaka penti, ena amasoka ndi chingwe cha buluu. Amayi amamanga kansanza ka kapulana (chitenje) yachikasu pakhutu pa thumba.

Ine ndimagonera ku shikola ku Fonte Boa, ndiye ndikabwera pa feriya zambiri za pakhomo zimakhala zitandidutsa. Komanso ndine wamanyazi. Purofesora akandiloza m'kalasi, yankho ndimalidziwa ndithu, koma mawu amathawira m'mimba n'kukakhala komweko.

Lachinayi m'mawa kunabwera uthenga wa maliro ku Domwe. Anamwalira anali amalume awo a amayi. Amayi anasiya zonse zimene ankachita, anamanga kathumba, ndipo atakwera kale njinga yamoto anandiponyera foni yawo.

"A Jerevaziyo aimba. Kamiyao ibwera mawa. Matumba onse a nsanza yachikasu akwere. Wamva?"

"Ndamva, mayi."

"Ukasokonezeka ukafunse azakhali ako."

Pomwepo ndinatsimikiza mumtima kuti sindisokonezeka. Azakhali, aNangondo, amakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu. Ndi munthu wabwino, koma ukawafunsa kanthu kakang'ono monong'ona amayankha mokweza mpaka a kutsidya kwa mtsinje amadziwa chimene sukudziwa.

Masana ndinalowa m'chipinda cha matumba kuti ndisese. Matumba anali ataima bwinobwino, onse osokedwa, lililonse ndi kansanza kake. Koma pafupi ndi chitseko panali asanu opanda kanthu pakhutu. Pamwamba pa limodzi panali kapulana yachikasu ija, yong'ambidwa theka, ndi mpeni pambali pake. Ndinaima n'kuyang'ana, ndipo mtima unandiwawa. Ndinaona amayi anga akumanga nsanza, uthenga wa maliro n'kuwapeza mpeni uli m'manja, ntchito n'kutsala. (Mpaka pano ndimaona kuti aliyense akanaganiza chimodzimodzi. Azakhali amati ayi, ine ndekha.)

Ndinatenga sizasi yanga ya ku shikola. Amayi amang'amba nsanza ndi mano n'kumanga mfundo imodzi yothina, koma ine ndinadula tinsalu tisanu tofanana, nditayeza ndi chala, ndipo ndinatimanga monga timamangira m'tsitsi pa tsiku la chikondwerero, mapiko awiri uku ndi uku ngati gulugufe. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono kuti ndione bwino. Anakongola.

Lachisanu m'mawa foni inalira. Ndinaigwira ndi manja awiri.

"Alo, mayi! Kamiyao yanga ikubwera. Ayi, iweyo dikira, kabichi wako sathawa. Matumba akonzeka? Ndati dikira! Alo?"

"Amayi kulibe. Ndine mwana wawo."

"Ndani wamwalira? Pepani. Ayi, si iwe, ndikunena ndi wina. Uwauze aimike pa bomba, pothirira mafuta paja. Mwana, ukundimva?"

Ndinadzamva pambuyo pake kuti a Jerevaziyo ali ndi mafoni atatu ndipo amalankhula pa onse nthawi imodzi. Tsiku limenelo sindinkadziwa mawu anga ndi ati, a eni kabichi ndi ati, choncho ndinkangoyankha kuti "eya" paliponse pamene apumira. Ndikukhulupirira kuti ndinavomera zinthu zambiri zosandikhudza.

Kamiyao inafika dzuwa litapendeka. Inali yabuluu, galasi lakutsogolo losweka pakona, ndipo kumbuyo kunali kopanda kanthu, kusonyeza kuti ife tinali oyamba. Ndinalemba nambala yake mu kaderno (ndimalemba chilichonse, ngakhale tsiku limene nkhuku yayamba kuikira). Motolisita, woiyendetsa, anali bambo wamtali wosalankhulalankhula, a Tomasi. Azibambo awiri okweza katundu anayambira pa matumba a pafupi ndi chitseko, asanu anga aja, n'kukawaika kutsogolo kwenikweni, ena onse n'kusanjikiza pambuyo ndi pamwamba pake.

A Tomasi atawerenga anakwinya nkhope. "Anandiuza makumi awiri ndi asanu. Awa ndi makumi atatu." Anaimba foni, analankhula pang'ono, kenako anandipatsira.

"Mwana," anatero a Jerevaziyo, "mayi awonjezera asanu?"

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanaima. Ngakhale ine ndinakayika pang'ono. Koma azibambo atatu ankandiyang'ana, injini inkalira, ndipo kunena kuti "dikirani ndikafunse" kunaoneka kotalika kwambiri.

"Eya," ndinatero.

"Ndiye bwino! Malo alipo. Kwezani!"

Inapita. Ndinasesa m'chipinda mopanda kanthu muja, ndinasamba, kenako ndinalemba tsamba lija.

Loweruka m'mawa ndikutsuka mbale, foni inaliranso. Anali amayi, pafoni yobwereka.

"Kamiyao inabwera?"

"Inabwera, mayi."

"Chabwino. Ine ndifika mawa madzulo. Lolemba m'mamawa a Chikuse abwera ndi ngolo kudzatenga mbewu kupita nayo kudimba. Matumba asanu aja ndinaika pafupi ndi chitseko, opanda nsanza aja. Uziwatsegulira zenera, asatenthedwe."

Mbale imene ndinagwira inalowa m'madzi yokha.

Muyenera kudziwa za mbewu imeneyi. Amayi anaipeza kwa mnzawo wa ku Tsangano, beseni limodzi lokha, ndipo anaichulukitsa kwa nyengo zitatu osadyako ngakhale imodzi. Sifota msanga ngati zinazi. Feriya iliyonse ndinkaipeza itayalidwa pansi m'chipinda china, timaso take tikuphuka, ndipo tinkaletsedwa ngakhale kuiponda mphepo. Sindinaganize kuti ingakhale m'matumba. Kudimba mizere inali itakonzedwa kale, manyowa atathiridwa, madzi atapatulidwa. Popanda mbewuyo dimba lonse likanagona chaka chimenecho. Ndipo ine ndinali nditaitumiza ku Tete, kotentha ngati m'chiwaya, kuti anthu akaikazinge.

"Alo? Zonse zili bwino?"

"Zili bwino, mayi."

Musandifunse chifukwa chake. Pakamwa panayankha pokha.

Ndinapita m'chipinda muja kukayang'ana, ngati kuti matumba angabwerere chifukwa ndawafuna kwambiri. Ndinatsegulanso zenera monga anandiuzira. Kenako ndinapita kwa azakhali.

Ndinawapeza akupeta nyemba. Ndinagwada, ndinapereka moni, ndinafunsa za mwendo wawo, ndinafunsa za mbuzi.

"Iwe, sunabwerere mbuzi. Watani?"

Ndinafotokoza ndikuyang'ana lichero.

"Mbewu ya mlamu wanga!" Nkhuku zinabalalika. "Wakweza mbewu? Anakuuza ndani kuti umange? Ku shikola kuja amakuphunzitsani kumanga zinthu za eni? Bweretsa foniyo!"

Anaimbira a Jerevaziyo n'kuika foni pokweza kuti nanenso ndimve.

"Aa, mayi, kamiyao yanga inanyamuka dzulo lomwe. Panopa yadutsa pa Musakama."

"Ndipatseni nambala ya motolisita."

"Imeneyo ili ndi a Lukasi a ku Kalomwe. Ndi amene anandipatsa kamiyaoyo."

"Kodi si yanu?"

"Ndi yanga, mayi, koma ndi ya a Lukasi."

Ndinalemba nambala ya a Lukasi, ndipo pansi pake ndinalemba kuti "mwini wake weniweni". A Lukasi anayankha pakati pa phokoso la pamalire, anthu akukuwa za makwacha ndi metikali.

"Kamiyao yanga yoyera ija?"

"Yabuluu," ndinanong'oneza azakhali.

"Yabuluu!" anakuwa azakhali.

"Oo, yabuluuyo ndi yanganso. Ili ku Moatize imeneyo, ndalankhula nayo posachedwa. Koma nambala ya motolisita funsani Dona Rozita, ndi amene anandilumikiza."

Ndinafufuta "mwini wake weniweni" n'kulembanso pansi pa dzina la Dona Rozita. Iwo anayankha mwaulemu kwambiri. Anati kamiyao yawo yabuluu yafika kale ku Tete ndipo ikutsitsa, koma motolisita foni yake inagwera m'madzi, ndiye amalankhula naye kudzera kwa mkhalapakati wina wa ku Vila, bambo wodalirika, dzina lake a Jerevaziyo.

Azakhali anayang'ana foni, anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kaderno. Ndinali nditajambula msewu wa ku Tete ndi timitanda titatu, pa Musakama, pa Moatize ndi pa Tete, ndipo mivi yochokera pa dzina kupita pa dzina inali itazungulira n'kubwerera pamene inayambira. Kamiyao imodzi inali malo atatu, inali ndi eni ake atatu, ndipo panalibe amene anali ndi nambala ya munthu woiyendetsa.

Tinaimbiranso mayi wa ku Tete uja, wolandira katundu. Anati ali pamsika kuyambira m'bandakucha ndipo sanaone kamiyao ya mtundu uliwonse.

"Tenga njinga," anatero azakhali. "Munthu wa mafoni atatu amafunika kumuonera pamaso."

Mwendo wawo unkawawa, ndiye wopalasa ndinali ine, iwo pakaliyala. Kuchokera kwathu kukafika ku Vila pali zitunda zinayi. Azakhali si munthu wochepa thupi, ndipo njira yonse ankalankhula ndi msana wanga. Pa chitunda choyamba anandiuza za manyazi anga. Pa chachiwiri anandiuza kuti bambo anga, achimwene awo, analinso choncho ali mwana, anamwa mankhwala a nkhupakupa chifukwa choopa kufunsa. Pa chachitatu anakumbukira kuti a Jerevaziyo omwewo anakana kukweza nyemba zawo sabata yatha, amvekere malo atha, ndipo matumba awo akungokhala m'sitolo ya msuweni wawo ku Vila. Pa chachinayi tinatsika tonse n'kukankha. Aliyense amene tinakumana naye anauzidwa kumene tikupita ndi chifukwa chake.

A Jerevaziyo tinawapeza pa benchi pansi pa mtengo, pafupi ndi bomba pamene magalimoto amathira mafuta. Anali bambo wochepa thupi, wa jekete lalikulu, foni ina kukhutu, ina m'dzanja, ina pabondo. Mpanda wa njerwa panalibe. Panali benchi basi, ndipo ndinamva kuti nayonso ndi ya mayi wogulitsa nthochi.

Azakhali sanadikire moni. Anayamba ndi nkhani ya mbewu, analowa ya nyemba, anabwerera ku mbewu. A Jerevaziyo ankayankha iwo ndi mafoni awiri nthawi imodzi. "Mayi, kamiyao ikapita yapita. Ayi, si iwe. Ndingaibweze bwanji ili ku Moatize? Dikira, ndikuimbira."

"Mwati Musakama m'mawa uja!"

"Nanga imaima? Imayenda!"

Ine ndinaima kumbuyo nditagwira njinga. Anthu anayamba kusonkhana, ndipo ine anthu akachuluka maso anga amafuna kothawira. Ndinayang'ana pansi, ndinayang'ana nthochi, kenako ndinayang'ana kumbali, kuseri kwa khoma la bomba. Kunkaoneka mphuno ya galimoto yabuluu. Pa galasi lam'mbali panali patayanikidwa malaya. Galasi lakutsogolo linali losweka pakona.

Ndinatsegula kaderno mwakachetechete n'kuyerekeza nambala. Ndinayerekezanso kachiwiri, chifukwa tsiku limenelo ndinali nditasiya kudzikhulupirira. Inali yomweyo.

Tsopano vuto linali lakuti akuluakulu ankalankhula, ndipo ine sindinaleredwe modula akuluakulu mawu. Ndinati "azakhali" koma ngakhale ine sindinadzimve. Ndinadikira kuti wina apume. Palibe anapuma. Pamapeto pake ndinachita chimene ndimadziwa: ndinakweza dzanja.

Ndinaima choncho, dzanja lili m'mwamba, pakati pa Vila, mpaka mayi wa nthochi anati, "Mayi, mwana wanuyo akufuna kuyankha."

Azakhali anatembenuka. "Ukukweza dzanja, kuno ndi ku shikola?"

Ndinaloza. "Ija."

Tonse tinazungulira khoma. Kamiyao inali itaima phee, itadzaza mpaka pamwamba, lona wophimba katundu atamanga kale. A Tomasi anali atakhala pamthunzi wake, opanda malaya, akudya chimanga chootcha. Pambali panali amayi anayi atakhala pa nsalu zawo, eni katundu wina, nkhope zotopa.

"Moatize ndi pano?" anafunsa azakhali.

A Jerevaziyo sanachite manyazi ngakhale pang'ono (ndinawasirira). "Mayi, kwa ife kamiyao ikachoka pakhomo panu ndiye kuti yanyamuka. Kamiyao siipita ku Tete ili ndi njala. Timadikira kabichi wa ku Tsangano, wafika masana ano. Ndikanakuuzani kuti ili pano, si bwenzi mukundiimbira kakhumi?"

"Nanga a Lukasi? Nanga Dona Rozita?"

"Iwowo amafunsa ine."

Mtima wanga unayamba kubwerera m'malo mwake. Ndinaganiza kuti zatha, tingotenga matumba athu n'kumapita. Koma a Tomasi atamva chimene tabwerera anapukusa mutu.

"A mtsikanayu ndi amene anayamba kukwera. Ali pansi, kutsogolo. Kuti atuluke, kamiyao yonse itsike. Ine ndikunyamuka pompano."

Amayi anayi aja anadzuka onse pamodzi. Wina anati wagona pa bomba masiku awiri. Wina anati kabichi wake wayamba kale kufota. Wamkulu pa onsewo, wa duku lofiira, anayang'ana azakhali kuyambira kumutu mpaka kumwendo wodwala uja n'kunena kuti, "Inu mwabwera panjinga lero, mukufuna mutitsitsire katundu tonse?"

"Komanso mukachotsa asanu," anawonjezera a Jerevaziyo, "ibwereranso kukhala yosadzaza. Tidikirenso."

Phokoso linakula. Aliyense ankalankhula, mafoni atatu ankalira, ndipo ine ndinkangoona dimba la amayi, mizere yake yoongoka ija, ili mbee. Sindikudziwa kuti mawu anachokera kuti. Mwina anatopa kukhala m'mimba.

"Ndi mbewu," ndinatero. Kenako mokwezako, "Ndi mbewu ya amayi. Ndakweza ndine. Iwo ali ku maliro, sakudziwa."

Ndiyeno ndinalira, zimene sizinali m'mapulani.

Mayi wa duku lofiira anafunsa azakhali kuti, "Mbewu yodzala?"

"Nanga ine ndakhala ndikunena chiyani?"

"Inu mumanena za nyemba." Anatembenukira kwa motolisita. "A Tomasi, masulani lona. Mbewu ya mnzathu ikadyedwe ku Tete ife tikuona? Kabichi wanga wafota kale, sangafote kawiri."

A Tomasi anatafuna chimanga chawo kwa kanthawi. "Bwanji simunanene poyamba kuti ndi mbewu?" Anadzuka n'kuvala malaya osauma aja.

"Nanga malo otsalawo?" anafunsa a Jerevaziyo.

Azakhali anakonza mpango wawo pang'onopang'ono. "Nyemba zanga zili apo, m'sitolo ya msuweni wanga. Matumba asanu. Aja munati malo atha aja."

(Pobwerera sanandikalipirenso ngakhale pa chitunda chimodzi. Anaimba nyimbo ya kwaya.)

Panatsala funso limodzi, ndipo analifunsa ndi mmodzi wa azibambo okweza katundu, atakwera kale pamwamba. "A nsanza yachikasu alipo makumi atatu, onse osoka. Tidziwa bwanji a mbewu? Timasule onse?"

Anthu onse anayang'ana ine. Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika.

"Anga ndinamanga mosiyana."

"Mosiyana bwanji?"

"Ngati gulugufe."

"Ngati chiyani?"

"Gulugufe!" anakuwa azakhali, kuti a kumsika nawonso amve.

Anatsitsa kabichi. Anatsitsa matumba a penti, a chingwe cha buluu, a chimanga cha munthu wina amene sanabwere n'komwe. Katundu anadzaza bwalo lonse la kuseri kwa bomba, ndipo anthu odutsa ankaima kufunsa ngati kamiyao yagwa. Amayi anayi aja ankalondera aliyense mulu wake. Ine ndinkathandiza kukoka timatumba tochepa, mutu uli pansi. Dzuwa litayamba kufiira, bambo uja anakuwa kuchokera mkati.

"Gulugufe woyamba!"

Anthu anaomba m'manja. Thumba linatuluka litaphwatalala, koma kansalu kanga kanali bwinobwino, mapiko onse awiri ali chilili.

"Wachiwiri!"

Pofika wachisanu, ngakhale ogulitsa mafuta ankawerenga nawo. A Jerevaziyo anaika mafoni onse atatu m'thumba (mayi wa nthochi anati sanaonepo zimenezi) n'kubwera kudzaona mfundo yanga pafupi.

"Koma ndiye mwamanga bwino, aNagulugufe. Anthu onse akanamamanga chonchi, ntchito yanga ikanaphweka."

Dzinalo linakakamira pomwepo.

Mbewu inagona m'sitolo ya msuweni wa azakhali, ndipo Lamulungu m'mawa a Chikuse anakaitenga pa ngolo. Ndinamasula agulugufe onse asanu, ndinaimika matumba pafupi ndi chitseko monga analili, ndinatsegula zenera. Ndinakonza mawu oti ndidzawauze amayi, ndinawalemba, ndinawaloweza.

Amayi anafika madzulo. Anatsika pa njinga yamoto, anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, aNagulugufe?" Wa njinga yamoto anali atawafotokozera zonse kuyambira ku Domwe, ndi zina zimene sizinachitike.

Sanakalipe. Ine ndikanakonda akanakalipa. Lolemba kudimba anamasula matumba n'kukhuthulira pa mphasa. Atatu anali bwino. Awiri amene anali pansi penipeni, timaso tambiri tinali titathothoka, mbatata zina zitaphwanyika. Amayi anakhala pansi n'kuyamba kusankha imodziimodzi, kuitembenuza m'manja, yabwino uku, yowonongeka uko. Ndinakhala pambali pawo n'kumasankha nawo. Mawu ndinaloweza aja anathawa onse.

"Pepani, mayi. Ndimafuna kukuthandizani."

"Ndikudziwa." Anatembenuza ina. "Nditaimba muja, bwanji unati zili bwino?"

"Ndinachita manyazi."

"Ndi ine? Ine amene ndinakusambitsa mpaka uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri?" Anapukusa mutu, koma ankaoneka kuti akuletsa kuseka. "Ukaona chinthu sunachimvetse, funsa. Pakamwa salipira."

Tinadzala dimba lonse kupatula mizere isanu ndi umodzi ya kumunsi, imene mbewu sinakwane. M'menemo amayi anafesamo mpiru. Feriya yonse, ndiwo zikakhala mpiru, azakhali ankadutsa n'kufunsa ngati tikudya agulugufe.

Tinsalu tisanu tija ndinatisunga pakati pa kaderno, pafupi ndi tsamba lomata lija. Ndipo phunziro ndinalitenga ndi mtima wonse. Pa feriya yotsatira amayi anapita kumsika m'mawa, tsiku limene kamiyao inkabwera, ndipo ine ndinapeza matumba atatu opanda nsanza ataima pakona. Kapulana yachikasu inali pomwepo. Zala zinayabwa, koma ndinaziika kumbuyo. Kamiyao inabwera, inakweza a nsanza okhaokha, inapita. Atatu aja ndinawalondera tsiku lonse ngati ana, zenera lili chitsegulire.

Amayi atabwera ndinawafunsa, mokweza bwino, ndikuwayang'ana m'maso, ngati imeneyo ndi mbewu.

Anayang'ana matumbawo, anagwira pakamwa.

"Mayo! Amenewo ndinaiwaladi. Nanga iwe unawaona, bwanji sunamange?"